Wubalem ndi Zaka Eyiti Zosowa

Inu amene mwakanidwa mpaka kutopa nako, tamverani za Wubalem wa ku Bahir Dar.

Tsiku limene anamukana kachitatu, mtsikanayu analira ali pakampando kake m'mbali mwa msewu, khofi yemwe amagulitsa akusefukira pambaula. Mayeso olowera kuyunivesite anali atalephera kale. Chomwe ankadalira chinali tsamba lake la pa intaneti, pomwe ankalembapo m'Chingerezi chothyokathyoka za kakazingidwe ka khofi ndi kasinjidwe ka tsabola, monga mayi ake anamuphunzitsira. Ankafuna kuti kampani ina yotsatsa malonda ilivomere tsambalo, iyenso azipezapo kangachepe anthu akamawerenga.

Yankho linali lomwelija: "Tsambali likuoneka kuti munalisiya kalekale. Mulibe chatsopano."

Kulisiya ati? Munthu wolemba mlungu uliwonse, pafoni yong'aluka galasi.

Kunyumba pasipoti inali itatuluka. Mayi ake anali atagwirizana kale ndi munthu wotumiza atsikana kukagwira ntchito zam'nyumba kumaiko a Aluya, ndipo Wubalem ulendowo ankauopa kwambiri.

"Emaye, ndipatseni mwezi umodzi wokha," anawachonderera mayi akewo.

"Umodzi basi. Akakukananso ukukwera ndege. Intaneti sitidya muno."

Wubalem anawonjezera nkhani, anajambula zithunzi zatsopano, koma mumtima ankadziwa kuti akungoponya mwala mumdima.

Panali mkulu wina, Gashe Mulugeta, wopuma pantchito yogulitsa matikiti a ndege. Ankamwa khofi pamenepo m'mawa uliwonse, makapu atatu osaphonya, ndipo za eni ankazikonda koopsa.

"Mwanawe, khofi wa masiku ano ukuthiramo misozi. Tandionetsa chikukuliritsacho."

Anatsitsira magalasi pamphuno, n'kuyang'ana foni ija. Kenako anaseka mpaka kutsokomola.

"Nkhani iyi walemba liti?"

"Dzulo, Gashe."

"Nanga chaka walembapo chanji?"

"2016. Chaka chino."

"Chaka chino kwa iwe ndi ine. Oyendera tsamba lakowo ali mu 2024, kalendala yathu ya ku Ethiopia kuno si yawo. Kwa iwowo unasiya kulemba zaka eyiti zapitazo. Mwina akuganiza kuti tinakuika kale m'manda."

Wubalem anagwira pakamwa. Pamwamba pa nkhani iliyonse ankalembapo deti ndi dzanja lake, monga ankachitira m'kope kusukulu. Manyazi anamugwira, komabe anapezeka akuseka naye limodzi mkuluyo.

Masiku anayi anakhala akukonza. Gashe ankawerengetsa madeti mumutu ngati akudulabe matikiti, Wubalem akulemba, nkhani zonse 63. Pofika pa mwezi wa nambala 13, poti kalendala ya ku Ethiopia ili ndi miyezi 13, mkuluyo anapukusa mutu.

"Uwu anzathuwo alibe, osauka."

Wubalem anatumizanso tsambalo ku kampani ija. Patsala masiku awiri kuti mwezi uthe, dzuwa lili paliwombo, foni inalira. Atawerenga yankho la kampaniyo, anasiya makasitomala makapu ali m'manja, liwiro la kunyumba.

Mayi ake Chingerezi sawerenga. Anangoyang'ana nkhope ya mwana wawo.

"Akuti chiyani?"

"Akuti sindikupita, Emaye."

Mayiwo anakhala pansi, misozi ili chuchuchu. Anatenga pasipoti ija n'kuiponya pansi penipeni pa bokosi la zovala.

"Ukuyesa ndinkafuna upite? Tsiku lililonse ndimapemphera kuti akuvomere."

Lero Wubalem akulembabe, ndipo khofi akugulitsabe, tsopano m'kachipinda kake kokhala ndi denga. Gashe amamwa ulere, ndipo makapu aja anakwera kufika pa asanu.

Ndiye inu, akakutsekerani chitseko, musafulumire kudzitcha olephera. Safunsa anadya phula: onetsani wina chomwe chakuvutanicho, mwina ntchito yanu ili bwinobwino, changolakwika ndi deti. Konzani, mugogodenso, ndipo mtima wokhawo musautaye.