Madzi a mu kompuresa

Tebulo lodulira zitsulo lija ndidalipanga ndekha, m'shedi yathu kuseri kwa msika wa pa boma ku Mangochi. Miyendo yake inali mapaipi akale, ndipo kompyuta yake inali yoti ena adaitaya. Umajambula duwa pakompyutapo, tochi ya plazima n'kumayenda yokha pachitsulo ikulavula moto ndi mphepo yochokera mu kompuresa. Akabaza ankaimika njinga kudzaonerera, ine n'kumayenda chifuwa patsogolo.

Apongozi anga aamuna anali m'gulu la akuluakulu a pamzikiti wa kwawo, njira ya ku Makanjira. Patafunika geti latsopano Idi isanafike, adaimirira pamaso pa anzawo n'kunena kuti palibe chopitira ku Blantyre, ntchitoyo agwira mwamuna wa mwana wawo. Aka kanali koyamba kundiikira kumbuyo. Adanditumizira mashiti awiri achitsulo, limodzi lapadera poopa ngozi.

Ngoziyo sidachedwe. Shiti loyamba lidatuluka m'mphepete muli manomano ngati adaluma makoswe, kunsi kukulendewera zitsulo zosungunuka zouma gwa. Nyenyezi yomwe ndidajambula pakati pa getilo inkaoneka ngati nkhanu. Ndidachita mantha, ndisaname. Kuononga lotsalalo kukadakhala kuwavula apongozi pagulu.

Ndiye ndidayamba kuyesera pa tizidutswa. Ndidachepetsa liwiro la tochi, zidaipiraipira. Ndidaonjeza, chimodzimodzi. Ndidasintha kamlomo ka tochi, katsopanoko kadapsa tsiku lomwelo. Ndidapala dzimbiri pomwe timapanira waya wa efi, wobwezera magetsi ku makina, mpaka padawala. Ndidatukwana magetsi, ndidatukwana kompyuta, kunyumba nako ndinkangoyankha mokalipa. Inali nthawi ya dzinja, chinyezi cha m'nyanja chili tho, malaya osauma pathupi.

M'mawa wina ndidati ndikokere kompuresa pafupi ndi tebulo, mwina paipi yatalika. Nditaipendeketsa ndidamva khuvu! m'thanki yake. Kuigwedezanso, khuvu! Ndidagwada kufuna kampopi kotulutsira madzi kunsi kwake, koma pamalo pake ndidapeza chibuluma cha wowotcherera, chosalala bwino.

Dzanja limenelo ndinkalidziwa. M'shedimo tinkagwira awiri ndi alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga, amene adakulira kumata mabwato achitsulo kudooko.

"Alamu, kampopi kanali apa kali kuti?"

"Kaja? Kankadontha, ndiye ndidakatseka mwezi watha. Simudaone kuti pansi padauma?"

"Kamayenera kudontha kameneko! Ndi potulukira madzi a m'mphepo."

Adandiyang'ana ngati ndapenga. "Alamu, chiyambire ntchito ine sindidaonepo chitsulo choti ubwino wake n'kudontha."

Ndidafuna kupsa mtima koma kuseka kudandipambana. Munthu amene wakhala moyo wonse akuopa kabowo m'bwato ungamuuze chiyani? Tidatulutsa mphepo yonse, tidapala chibulumacho ndi galainda, n'kuboola. Mudatuluka madzi ofiira, onunkha dzimbiri, odzaza beseni. Ndiwo ankathamangira ku tochi n'kumasokoneza moto.

Titaika kampopi kena, ndidayesa pa kachidutswa. Kadagwa pansi ngwe! M'mphepete mwake mutasalala moti ndidayendetsamo chala osakandika. Komabe nditaika shiti lotsala lija sindidakhale pansi kufikira nyenyezi yomaliza itagwa. Pamenepo mpamene ndidamva njala, ya sabata yathunthu.

Geti tidalikweza pa lole Idi itatsala pang'ono, msewu uli matope okhaokha. Tikulimangirira pamzikiti paja, akuluakulu adalizungulira akulisisita. Mmodzi, wa ndevu zoyera, adafunsa ngati lachokera ku Joni.

Apongozi adakonza kaye chisoti chawo, kenako adandiloza ndi ndodo ndili pamwamba pa makwerero, nkhope ili bii ndi utsi.

"Joni wake ndi ameneyo," adatero mokweza kuti amvenso a kumbuyo. "Mwana wanga ameneyo."