Tsiku limene anayeretsa laputopu yathu

Titasamukira ku Chintheche kuchokera ku Ntcheu, bambo a mwana wanga anayamba kuphunzitsa pasekondale, ine n'kukhala pakhomo ndi khanda. Satifiketi yanga ya ulembi ndi kompyuta inali m'sutikesi, pansi pa matewera. Iwo akapita kuntchito ankasiya laputopu, ndipo mwana akagona ndinkalowa pa intaneti kufunsa zimene ndinkachita manyazi kufunsa anthu. Bwanji mwana sakukwawa? Kodi kutuluka thukuta m'mutu ndi matenda? Koma panalinso china chimene ndinkafufuza: dzina la mphunzitsi mnzawo wamkazi.

Mayiyu anali wa komweko, Mtonga wa ku Limphasa, wosakwatiwa, wophunzitsa kompyuta. Dzina lake silinkachoka pakamwa pa bambo. Akuti ndiye ankawaphunzitsa Chitonga, ndiyenso anawasonyeza kogula mpunga wabwino. Ine ndinkatsegula tsamba lake la mchezo n'kumakulitsa zithunzi zake, china ali kunyanja ku Makuzi atavala chipewa chachikulu. Ndinkayang'ana manja ake osalala, kenako anga onunkha sopo.

Kenako laputopu inayamba misala. Ukatsegula bulawuza, timawindo ta malonda tinkangotumphuka ngati ziwala, bandulo n'kutha usanawerenge kanthu. Loweruka lina m'mawa bambo anati, "Amake mwana, tereka tiyi. Madamu akubwera kudzaikonza."

"Ine sindingaione?" ndinafunsa.

"Iwe taona mwanayo. Izi n'za eni ake."

Mawu amenewo anandiwawa, koma mantha anaposa. Zonse zimene ndinafufuza zinali momwemo, ndipo laputopu inali kale pamiyendo pawo. Sindikanatha kuilanda.

Madamuwo anafika atanyamula chinangwa chophika m'jumbo, n'kundilonjera m'Chitonga. "Alamu, mwe uli? Mwanenepatu, mpweya wa kwathu wakuyanjani!" Ananyamula mwana, mwananso, wosadziwa mbali yake, n'kumusekerera. Kenako anakhala patebulo, bambo ataima kumbuyo kwake.

"Aphunzitsi, mwaika zinyalala zambiri umu," anatero. "Tifufute zonse zimene yasunga, kenako tiibwezere mmene inalili ili yatsopano. Koma mapasiwedi anu mukuwakumbukira? Akapita apitatu."

"Ndi tsiku lobadwa la mwana."

"Ndinadziwa! Azibambo nonse mutu ndi umodzi."

Anaseka awiriwo. Ine ndinaima ndi thireyi. Ndinaona akutsegula mndandanda wa masamba amene analowedwa. Chala chake chinatsika, n'kuima. Nkhope yake sinasinthe. Anangopendeketsa laputopuyo pang'ono n'kunena kuti, "Aphunzitsi, tandibweretsereni chaja, moto watsala pang'ono."

Bambo analowa kuchipinda. Iye anadina apa ndi apo mofulumira, bulawuza inatseka n'kutsegukanso yoyera mbee. Masamba anga a ntchito amene ndinasunga, ndi lina la phala la ana, zonse zinapita limodzi. Anatenga kapu yake n'kuthokoza m'Chitonga kuti, "Yewu, alamu. Shuga ndithira ndekha."

Sindinadziwe ngati anaona kapena ayi. Ndinkayang'ana maso ake, iye akungoviika chinangwa mu tiyi n'kumakamba za mayeso a Fomu Folo. Pochoka, bambo anamuperekeza kumsewu kukakwera minibasi. Ndinaima pakhonde mwana ali kumsana, ndikuwaona akulankhula Chitonga chimene sindinkamva. Bambo akaphonya mawu, iye ankawomba m'manja n'kuseka. Mtima wanga unkangoti, basi akuwauza.

Atabwerako ndinadikira mkuntho. Iwo anangovula nsapato.

"Akuti chiyani madamu anu?" ndinafunsa.

"Akuti ndikutsegulire mbali yakoyako pa bulawuzapo, ya pasiwedi yako. Akuti mzimayi amafunika kachipinda kake. Akutinso usamade nkhawa, ana ena amachedwa kukwawa." Anandiyang'ana modabwa. "Unamuuza za mwana?"

"Eee, tinakambirana," ndinayankha.

Sitinakambirane. Anaona zonse, dzina lake lomwe, ndipo sanawauze. Munthu wina akanathokoza. Ine ndinalowa kukhitchini n'kutsuka kapu yake mwamphamvu, misozi ikugwera m'beseni. Anali ndi ntchito, anali ndi chilankhulo, anali ndi kuseka kwa mwamuna wanga. Tsopano anandiposanso ulemu, ndipo panalibe aliyense amene ndikanamudandaulira.