Chithunzi cha Amayi Chimene Sichinapachikidwe

Ndikukumbukira ndili Fomu 3, sukulu yathu itasankhidwa kukaphunzira kujambula anthu kunyumba ina yoonetserako zaluso ku Salima. Amene ankatiphunzitsa anali bambo wina wochokera ku Lilongwe, wolankhula motsitsa koma wosabweza mawu. Anatibwereka kamera Loweruka lina, nati aliyense akajambule munthu wa kwawo ali pa ntchito, mmene amakhalira masiku onse. Anati zithunzi zabwino zidzapachikidwa pakhoma, ndipo ojambula ake adzapatsidwa malo opitiriza maphunzirowo. Ine malo amenewo ndinkawafuna ndi mtima wonse.

Ndinasankha amayi. Ankayanika usipa pathandala kufupi ndi Chipoka, ndipo m'mawa dzuwa linkawala bwino pamanja awo odzaza mamba. Koma atangoona kamera anasiya zonse, nati ndidikire. Anakasamba. Anakoleza makala a simbi n'kusita chitenje chimene ankasungira maukwati. Anadzola mafuta mpaka chipumi kunyezimira, kenaka anapita kukabwereka mpando kwa aneba. Ine apo mtima ukuwira, dzuwa likukwera, kuwala kokoma kuja kukutha ndikuona.

Ndinawachonderera kuti abwerere kuthandala, misozi ikulengeza.

"Amayi, akufuna muoneke mmene mumakhalira."

"Mmene ndimakhaliramo amandiona kale ndi maso," anayankha. "Papepala ndikhala mmene ndikufunira ineyo."

Anakhala pampando, manja pamaondo, nkhope gwa, osamwetulira n'komwe. Ndinajambula nditakwinya nkhope.

Aphunzitsi aja anangochiyang'ana pang'ono n'kunena kuti chikuoneka ngati cha pachiphaso. Sichinapachikidwe. Malo aja anatenga Chikondi, mnzanga wa m'kalasi, amene anajambula azakhali ake mobisa akutumbula nsomba. Kwa masiku angapo amayi ndinkangowayankha ndi mutu.

Tsiku lachionetsero amayi anaumirira kupita, limodzi ndi azakhali a Chikondi aja, omwe anali anzawo a kumsika. Tinapeza chithunzi cha azakhaliwo chili chachikulu pafupi ndi khomo: bulauzi yong'ambika paphewa, ntchentche pamkono. Alendo ankachiyamikira m'Chingerezi. Mwini nkhopeyo anali atatchena kwambiri tsikulo, moti panalibe mlendo amene anawazindikira. Anaima pamenepo kanthawi, kenaka anafunsa motsitsa ngati n'kotheka kuchichotsa apongozi awo asanafike. Anauzidwa kuti limenelo ndi luso, azinyadira.

Pobwerera amayi sananene kuti ndinakuuza. Anangowagwira dzanja anzawo aja mpaka pokwerera minibasi. Ine ndinali ndikadali wokwiya, sindinama, poti malo aja anali atapita ndithu.

Zinanditengera zaka kuti ndimvetse. Munthu wosauka ali ndi zinthu zochepa zimene amalamulira yekha, ndipo chimodzi mwa izo ndi mmene akufunira kuonekera pamaso pa anthu. Ine ndinkafuna kuwalanda amayi chimenecho kuti ndikwere nacho. Anakana, ndipo anakhoza.