Mphesa sizinenepetsa

Pomwe ndinkanyamuka ulendo wa ku Dubai, mayi anga anavomera kundilerera mwana wanga wamkazi, koma anaikapo lamulo. "Tsiku lomwe udzabwere ku holide ndidzakuyang'ana thupi. Ukadzabwera utawonda, pasipotiyo ndidzakolezera moto." Mayi anga salankhula kawiri. Anthu a m'dera lathu anali atawadzaza m'makutu kuti atsikana opita kwa Aarabu amagona ndi njala, ndiye iwo ankafuna kudzaona ndi maso awo.

Poyamba ndinalibe nkhawa. Ndinapeza ntchito ya m'nyumba ku Marina, dera lina la mumzindawo, pansanjika yoti ukasuzumira pawindo magalimoto amaoneka ngati timabokosi ta machesi. Madamu anali Mwarabu wochokera dziko lina, mayi wa mtima wabwino koma wotengeka ndi chilichonse chomwe waona pafoni. Bwana anali munthu wofatsa, wosakonda mikangano. Tinkadya mpunga wa mafuta, nkhuku ndi buledi, mpaka masaya anga anayamba kuwala.

Chomwe chinandipalamulira ndi pakamwa panga pomwepa. Madamu anapita kukacheza kwa makolo awo, ndipo atabwerako ndinawalandira monga ndinaleredwera. Ndinaomba m'manja n'kuwauza m'Chingerezi changa chothyokathyoka kuti anenepa bwino, kwawo awasamala. Ndinkadikira kuti anena shukran, zikomo wa m'Chiarabu. Iwo anangoponya chikwama pansi n'kuthamangira kubafa kukakwera sikelo.

Sabata isanathe anali atalowa gulu lina la pafoni la anthu odya zipatso zokhazokha. Mpunga, mafuta ndi nkhuku anapatsa alonda a pageti, mapoto n'kuwatsekera m'kabati ya pamwamba. Kenako anandikhazika pansi kuti andiphunzitse.

"Habibti, wokondedwa wanga, chipatso ndi chokhacho chomwe mtengo umapereka mwa kufuna kwake," anatero. "Ukazula karoti, wapha."

Ndinakumbukira chinangwa chonse chomwe ndazula pa moyo wanga, ndipo ndinaona kuti ngati zili choncho ndiye kuti ndine chigawenga chachikulu. Ndinafunsa za mtedza. Anayang'ana pafoni n'kundiuza kuti pa nkhani ya mtedza akuluakulu a gululo sanagwirizanebe. Kuphika m'nyumbamo analetsa chifukwa fungo linkawayesa, koma anandiuza kuti chilichonse cha mufiriji ndidye momwe ndingathere, ndisachite manyazi.

Manyazi ndinalibedi. Mphesa kwathu ndinkangoziona kuchipatala, zitabweretsedwera wodwala wa pabedi la pafupi. Tsopano zinali zanga, pamodzi ndi mavwende, mapeyala, maapozi ndi tizipatso tina taubweya tomwe dzina lake sindikulidziwa mpaka lero. Masiku oyamba ndinadya mpaka kudzimvera nsanje. Kenako m'mimba munayamba kubangula, ndipo njira ya kuchimbudzi ndinaidziwa kuposa ya kukhitchini. Madamu zipatso zawo ankadyera pasofa. Ine ndinkadya zomwezo n'kukakolopa, kuchapa ndi kusita, ndipo pofika masana miyendo inkanjenjemera.

Bwana sanatsutse chilichonse. Ankadya chidutswa cha papaya, n'kuyamikira, n'kunena kuti aiwala kanthu m'galimoto. Tsiku lina madamu anandituma kumalo oimika magalimoto kukatenga mavwende, ndipo ndinawapeza bwanawo atatseka mawindo, akumenya nyama yokulunga m'buledi, msuzi uli pachibwano. Tinayang'anana. Anatsitsa windo pang'ono, n'kundinyemera theka, n'kuika chala pamlomo.

Lamlungu tikaweruka kutchalitchi, mnzanga wina wa ku Zambia yemwe ankakolopa kuhotela ankandikokera kukalesitilanti ka Amwenye. "Iwe mwandi, wayonda maningi! Yalla, tiye, idya," ankatero uku akundikankhira mbale yake. Ndinkadya mpaka kulephera kukwera masitepe a pokwerera sitima ya metro, koma tsiku limodzi silikanabweza zomwe sabata yonse yachotsa. Ankandiuza kuti ndingolankhula ndi madamu. Nanga ndikanayamba bwanji? Ndinene kuti ndili ndi njala pamene firiji ikuchita kukanika kutsekeka?

Madamu nawo zinthu sizinkawayendera. Tsitsi lawo ndinkalitola lambirimbiri pokolopa kubafa. Akadzuka msanga pampando ankachita chizungulire, ankafunda bulangete dzuwa la kuno likuswa mtengo, ndipo ankakalipa ngakhale supuni ikagwa. Koma sikelo ikatsika ankaimba nyimbo, n'kunena kuti thupi likuchotsa zoipa.

Vuto langa lenileni linali foni. Mayi akaimba ya vidiyo ndinkavala juzi, n'kuyandikitsa nkhope, n'kufufumitsa masaya pang'ono.

"Tabwerera m'mbuyo ndikuone yense," ankatero.

"Amayi, netiweki ikuvuta."

"Netiweki yakoyo imangovuta ndikafuna kukuona mikono?"

Tikiti ya holide itafika, tulo tinayamba kundithawa. Ntchitoyo ndinkaifuna, ndipo ndinkadziwa kuti ndikafika kwathu chonchi, ku Dubai sindidzapondakonso.

M'mawa wina madamu anandipeza ndikumanga siketi ndi pini kuti isagwe. Anaomba m'manja mosangalala. "Mashallah, taona chiuno! Ima pomwepo ndikujambule, a m'gulu aone kuti zimathekadi."

Apo ndiye zinandikwana. Ndinayamba kulira, pini ili kukamwa, ndipo zonse zinatuluka. Ndinawauza kuti kwathu munthu akachokera kunja atawonda, anthu amati mwina akudwala, apo ayi mabwana ake amamumana chakudya. Ndinawauza za mayi anga ndi pasipoti. Ndinawauzanso kuti tsiku lija ndinkawayamikira, sindinkawanyoza.

Zonsezo sanazimve kwenikweni. Chinawalasa ndi chimodzi. "Mayi ako aganiza kuti ine sindikudyetsa? M'nyumba mwanga muno?" Nkhope yawo inafiira. Ndinazindikira kuti kwawonso, munthu kugona ndi njala pansi pa denga lako ndi chitonzo cha banja lonse. Anaimbira mayi awo nthawi yomweyo. Chiarabu sindichimva, koma kukalipa kwa mayi ndinakuzindikira kuchokera kukhitchini. Atadula foni anangoti, "Khalas, basi!" n'kukwera pampando kukatsitsa mapoto.

Mphamvu zonse zomwe ankawondera anazitembenuzira pa ine. Ankaphika okha, ine nditakhala pansi ngati mlendo: mpunga wosambira m'mafuta, mphodza, nkhuku, ndi makeke otsekemera mpaka kugwedeza mano. Ndikati ndakhuta ankangoti yalla n'kuwonjezera. M'mawa uliwonse tinkakwera sikelo tonse awiri, iwo akufuna itsike, ine ndikufuna ikwere, ndipo yanga ikakwera ankakuwa kuposa ine.

Zipatso sanazisiye tsiku limodzi. Zinayamba ndi kulawa mchere. Supuni imodzi, kenako ina yotsimikizira, kenako anaona kuti kulawa bwino kumafuna kambale. Pasanapite nthawi chizungulire chinatha, bulangete linabwerera kuchipinda, ndipo bwana anasiya kuiwala zinthu m'galimoto. Makaroti ankawadula mosawapepesa n'komwe. Mphesa zinapeza malo ake, pambuyo pa chakudya.

Pondiperekeza kubwalo la ndege, madamu anandipatsa bokosi la makeke loti ndikadye m'njira, kuopa kuti ndingaphwe ndili m'mwamba. Anandikumbatira n'kunditsina tsaya. "Ukawauze mayi ako kuti ndikupereka moni. Inshallah akakhutira nawe."

Kwathu ndinapeza khonde litadzaza. Azimayi oyandikana nafe anabwera ngati odzalonjera, koma aliyense maso anali pakhosi panga ndi m'mikono. Mwana wanga, yemwe ndinamusiya akundifika m'chiuno, tsopano ankandifika pachifuwa. Anandigwira chitenje osachitaya. Mayi sanafulumire. Anandizungulira, anandifinya mkono pamwamba pa chigongono, n'kunditembenuza kuti azimayi aja aone bwino.

"Akukusunga," anatero mokweza. "Holide ikatha ubwerere."

Wina analulutira, ena anaseka, ndipo ine mtima unakhala pansi. Ndinadyera mawu amenewo milungu yonse ija, ndipo ndinasangalala zenizeni. Ndinawerama kuti ndimasule chikwama nditulutse mphatso. Apo mwana wanga anandiyandikira kukhutu, chitenje chija akadachigwirabe, n'kundifunsa motsitsa mawu kuti agogo ake asamve.

"Amayi, bwanji simunawonde?"