Mpando wa Makatoni

Mpando uja unkanunkhira sopo, chifukwa makatoni ake ambiri tinakatola kuseri kwa magolosale a ku Kanyama. Chinali chilimwe, ine ndili mu giredi folo.

Mng'ono wanga anabadwa ndi vuto la mu ubongo. Pa zaka zinayi khosi linali lisanalimbe, miyendo inkauma gwa, ndipo ukamukhazika pansi ankagwera kumbali. Choncho ankakhalira kumsana kwa amayi. Benchi lawo la tomato kumsika analisiya. Kangachepe kamene kankapezeka kankathera ku mankhwala a khunyu, matewera ndi minibasi yopita kuchipatala kokamuwongola miyendo. Njinga ya olumala anangofunsako mtengo kamodzi, osadzaitchulanso.

Mayi wowongola miyendo kuchipatalako ndi amene anaonetsa amalume, omwe ankakankha wilibala m'tauni, kamatidwe ka mpando wa makatoni ndi phala la ufa wa chinangwa. Tinkamata limodzi pamwamba pa linzake, zala zili nyatanyata, ntchentche zili ng'waa. Ine ufawo unkandiwawa.

"Manje ise tizadya chani ngati mupando nawo ukudya?" ndinafunsa.

Amalume anaseka, koma amayi sanaseke. Lero ndikuona kuti funso limenelo nawonso ankagona nalo.

Tinauyanika padenga la malata, mitambo itayamba kale kusonkhana. "Mvula ikaupeza uli wofewa, vonse vapita," ankatero amalume, maso kumwamba. Tsiku lomwe mphepo inabwera ndi fungo la dothi lonyowa, anautsitsa mothamanga n'kuugogoda ndi chala. Unalira ngati chitseko.

Mng'ono wanga tinamukhazikamo pakhomo, chitenje chitamugwira pachifuwa. Sanagwe. Anayang'ana ana akudumpha chingwe cha waida mumsewu, mutu uli chilili, kenaka anakuwa ndi chimwemwe mpaka aneba anatuluka. M'masabata otsatira amayi anayamba kukazinga vitumbuwa pakhomo pomwepo, iye ali pambali pawo, ndipo ogula ankayamba apatsa moni iyeyo.

Koma tsiku loyambalo amayi analowa m'nyumba masanasana n'kugona chagada pasimenti, manja atatambasula, misozi ikutsikira m'makutu. Ndinathamangira amalume kukawauza kuti amayi adwala.

"Asiye," anatero. "Ni musana chabe upumula."

Ndinaima pachitseko ndikuwayang'ana, osamvetsa kuti munthu angalire bwanji chifukwa choti kumsana kulibe kanthu.