Tinkafuna Chimbudzi, Tinapeza Mabotolo

Senderani kuno, inu a ku Matero ndi a ku Chawama. Amene wakhalira njerwa anyamule njerwa yake abwere nayo pafupi. Nkhani ya sabata ino sindiikweza mawu, chifukwa yachitikira pakhomo panga muno m'komboni ya George, ndipo mwini wake ndi mpongozi wanga.

Mpongozi wangayo ndi Bashi Mwila, ndiko kuti bambo ake a Mwila, Mbemba wa ku migodi amene anakwatira mwana wanga Tisa. Munthu wabwino, samwa, samenya mkazi. Ankagwira ntchito pafakitale ina, mpaka m'mawa wina anakapeza geti lili ndi loko, mlonda wake wachilendo. Kuyambira pamenepo amakhala pakhomo, ovolosi yochapachapa, kudikira kuti aitanidwa. Amatidyetsa ndi Tisa, ndi salaula wake, zovala zovalidwapo kale zimene amagulitsa pamsika.

Tsono chimbudzi chathu chinadzaza. Chinapendekekanso, moti polowamo umayamba wapemphera. Mitambo inali itayamba kusonkhana, ndipo aliyense wa m'komboni akudziwa chimene mvula imachita ndi chimbudzi chodzaza: imachinyamula n'kukagawira khomo lililonse, kolera n'kumatsatira pambuyo. Tisa anadzimana, nagula simenti yoti tidzatsekere pamwamba pa dzenje latsopano. Anati, "Bashi Mwila, kumbani chimbuzi mvula ikalibe kubwera." Mwamuna anamva, nakabwereka piki ndi fosholo.

Dzenje litafika m'chiuno, piki inagunda dzala. Akuluakulu amati kuno kunali famu ya mzungu ife tisanabwere, ndiye apa ndi pamene antchito ake ankataya zinyalala. Munatuluka zitini zodyeka ndi dzimbiri, mafupa a ng'ombe, ndi mabotolo. Mabotolo, anthuni! Athunthu, opanda ndi mng'alu womwe. Ena obiriwira, olemera ngati mwala, ali ndi kampira kagalasi kotsekeredwa pakhosi, ukagwedeza kali ngwerengwere. Ena abuluu woderako. Ena anali ndi zilembo zotupa pamimba. Zimene zinkanena musandifunse ine.

Mukudziwa chimene munthu wa m'komboni amachita ndi botolo limene kugolosale salilandira. Mpongozi wanga anayang'ana mabotolo, nayang'ana mpanda wathu wa njerwa, pamwamba pake pali see. Anatenga hamala. Tsiku lonse kunali phwa! phwa! Kenako anatsegula simenti ija ya chimbudzi, nakanda, nazika magalasi pamwamba pa mpanda kuzungulira nyumba yonse. Dzuwa likamapendeka mpanda unkawala ngati mawindo a tchalitchi. Anansi anabwera kudzayamikira.

"Apa kawalala azasiyapo matako," anatero Bashi Mwila, manja ali m'chiuno.

Wakubayo adzabe chiyani? Mbaula? Ovolosi? 

Pali mkulu wina, Ba Sakala, amayenda m'makomboni panjinga kugula zakale: nsimbi zamakala, mawotchi akufa, nyale za m'sitima. Amakagulitsa kwa azungu ndi kwa anthu a kumayadi. Anadutsa pakhomo pathu, anaona mpanda, anatsika. Njinga inagwa, iye osaitola.

"Ni ndani wachita ivi?"

"Ni ine, mudala. Mufuna nikakuchitileni na kwanu?"

"Aya mabotolo munayapeza yophwanyika kudala?"

"Awe, yanali bwinobwino. Nachita kuvutika nayo, yokosa maningi."

Ba Sakala anavula chipewa ngati wafika pamaliro. "Imwe bantu! Iyi ya kampira pakhosi bazungu bamaisakila monga mankhwala. Imozi chabe, ngati ilibe kung'ambika, mungadye nayo ufa wa bulekifasiti, uja woyera wa m'thumba, mwezi wonse, na nkhuku pamwamba."

Ife amene timagula ufa wa m'timapepala, pamela, wongokwana mphika umodzi, mawu amenewo anatilowa mpaka m'mafupa. Bashi Mwila anakhala pa wilibala, nayang'ana mpanda wake. Anauyang'ana nthawi yaitali. Ndikuganiza ankawerenga nkhuku.

Kutacha anabwereranso m'dzenje. Koma tsopano sankakumba chopita pansi ayi, ankakumba cham'mbali, kutsata dzala. Dzenje la chimbudzi limakhala lopapatiza. Lathuli linayamba kutambasuka ngati dimba. Linadya pamene ndinkayanika zovala, linadya mpiru wa Tisa, linalunjika kuchimbudzi chakale.

Mwambo wathu sulola kuti ndidzudzule mpongozi pamaso. Ndiye ndinkauza nkhuku. "Nkhuku iwe, kwathu chimbudzi amakumba chopita pansi. Chopita m'mbali timati damu."

Iyenso ulemu ali nawo, sanandiyankhe ine. Anaitana mkazi wake. "Bana Mwila, bauzeni bamayo bapirireko pang'ono. Bazayenda na motoka."

Nanga chinatuluka n'chiyani? Makosi opanda mimba. Mimba zopanda makosi. Matako a mabotolo ambirimbiri, oti ungapangire mbale. Ena anasweka kalekale mzungu akadali ndi mano, m'mphepete mwake mutachita dothi. Koma ena, ndinaona ndi maso angawa, posweka pake pankanyezimira, patsopano. Piki siidziwa kuti ili ndi botolo la bulekifasiti. Ukamva kuti ngwee, umamvanso kuti "Mayo ine!" kuchokera m'dzenje. Zikuoneka kuti athunthu onse anali pamwamba, ndipo anali atakumana kale ndi hamala.

Lachitatu lapitali kunaoneka limodzi. Labuluu, lagona chammbali m'khoma la dzenje, khosi lilipo, phewa lilipo, mimba yosalala ngati tsaya la khanda. Bashi Mwila anaponya piki kutali, napempha supuni. Supuni yanga ya tiyi. Mbiri inathamanga, anthu anadzaza m'mphepete mwa dzenje, amayi ndi ana kumbuyo, anyamata a pakona, ndi Ba Sakala amene ananjuta pamwamba n'kumanong'ona, "Pang'onopang'ono, mwana, osaikoka."

Masana onse munthu wamkulu, wandevu zake, akupala dothi ndi supuni, kupemerera ndi pakamwa, kupukuta ndi malaya. Komboni yonse inali zii. Ngakhale wa makala anasiya kuitanira. Tisa anali atatseka salaula wake n'kubwera, atagwira pachifuwa. Inenso, ndisaname, m'maso mwanga munadutsa kankhuku kootcha.

Bashi Mwila analowetsa zala pansi pa botololo, nalinyamula ndi manja awiri monga amanyamulira mwana wobadwa kumene. Dothi linakhuthukira pansi kuti waa. Mbali imene tinkaionayo ndi yokhayo imene inalipo. Kunsi kwake kunalibe kanthu, linali ngati chikombe cha dzungu.

Palibe anaseka. Kukhumudwa kwa anthu ambiri kumamveka ngati tayala likuphwa. Ba Sakala analandira chidutswacho, anachitembenuza, nachibweza.

"Iyi ikani pa mpanda, ikapeze banzake."

Mvula inagwa mawa lake masana. Dzenje linali litafika kale pamaziko a chimbudzi chakale. Tili pakhonde tinachiona chikugwada pang'onopang'ono, ngati mayi wolandira alendo, kenako chinalowa chonse, malata ndi chitseko chomwe. Madzi anadzaza, zakale ndi zatsopano zinasakanikirana mumphika umodzi. Simenti yotsekera ili pamwamba pa mpanda, ikulondera.

Mukuseka? Sekani, koma aliyense ayang'ane mpanda wake.

Ife a m'tauni muno chinthu chimakhala chinyalala mpaka mlendo atachitchula mtengo. Mitondo ya amayi athu tinasonkhera moto, lero tikuiona kumayadi atabzalamo maluwa. Mafakitale atatsekedwa, makina tinawadula ndi sowo n'kukagulitsa pasikelo ngati tinsomba ta kapenta, ndipo amene anadulawo ndi omwe lero akusala kudya kutchalitchi kuti Mulungu atumize mzungu wa makina. Zivundikiro za ngalande tinazula tokha, mvula ikabwera timagweramo tokha, n'kumatukwana boma tili m'madzi.

Ndipo tikaswa sitikhala pansi kulira n'kuphunzira ayi. Timatenga piki. Chaka chino amuna onse akukumba miyala yobiriwira, chaka chamawa akung'amba nsimbi zakale ati muli mankhwala a chuma, mwezi uno ndi mabotolo. Ndamva kuti ku Kanyama ena ayamba kale kufukula kuseri kwa nyumba za eni, kumene kulibe ndi mzungu yemwe anatayako chitini. Njala ndi yoona, sindikukana. Munthu amene wachotsedwa ntchito amafuna tsiku limodzi loti alowe m'nyumba atanyamula kanthu, ana amuyang'ane ngati kale. Zimenezo ndinaziona pankhope ya mpongozi wanga atagwira supuni, ndipo sizinali zoseketsa. Koma ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Kodi ndi angati mwa inu amene anatumidwa kukumba chimbudzi, lero ali kalikiliki kusaka chuma cha m'dzala la munthu wina?

Mufuna kudziwa kumene aliyense ali.

Ba Sakala sanaonekenso. Akuti akuzungulira ku Garden, maso ali pamwamba pa mipanda ya anthu, akupukusa mutu.

Mwila, mdzukulu wanga, amake anamutumiza kwa azakhali ake ku Mtendere mpaka dziwe lathu litauma, chifukwa kumunsi kwathu ana awiri ayamba kale kutsegula m'mimba. Tisa sakulankhula ndi mwamuna wake. Nayenso tsopano amauza nkhuku.

Ine ndi mpongozi wanga timapita kwa Amake Jelita, oyandikana nafe, kukapempha kiyi wa chimbudzi. Zaka zonsezi ine ndi mpongoziyo takhala tikupatukirana panjira, osadyera pamodzi, osayang'anana m'maso. Dzulo m'mawa tinakumana pachitseko chimenecho, aliyense ndi kachitini kake ka madzi. Iye anati, "Yambani ndimwe, bamayo." Ine ndinayang'ana kumwamba ngati ndikuona ndege.

Ndili m'katimo ndinamumva panja akugogoda pansi ndi chidendene, kenako akufunsa mwaulemu wake wonse uja: "Amake Jelita, ichi chimbuzi chanu pokumba, simunapezeko tumabotolo?"

Amake Jelita asintha loko. Ndiye ngati alipo muno mu George amene chimbudzi chake anachimanga pathanthwe, andiuze msanga. Mimba ya nkhalamba siidikira.