Chitsa Chimene Sindinazule

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, Sitandade 5, kwathu ku Mavwere. Mpaka lero ndikakumbukira ndimapsa mtima.

Msuweni wanga Yohane anali ku sekondale. Atabwera ku holide tinakhala pamkeka tikuswa mtedza, fumbi lili m'mphuno, zala zikuwawa. Iye anaswa makoko awiri, lina la njere ziwiri, lina la njere zitatu.

"Uwu nchiyani?"

"Mtedza."

"Nanga uwu?"

"Mtedzanso. Ukundiyesa chitsiru?"

Anaseka, nkuyamba kundifotokozera. Akuti chilichonse chinapangidwa ndi tinthu tosaoneka, maatomu, ndipo m'kati mwake muli mapulotoni ndi manyutironi. Mapulotoni ndiwo amapereka dzina. Akakhala sikisi, ameneyo ndi kaboni, wa m'makala uja, basi. Koma manyutironi amatha kusiyana, kaboni wina sikisi, wina eyiti. Dzina limodzi, kulemera kosiyana, ngati makoko aja. Amenewo ndiye maisotopu.

Sukulu itatsegulidwa, aphunzitsi athu tsiku lina anangotchulako kuti maatomu a chinthu chimodzi amafanana ndendende. Ine dzanja m'mwamba.

"Aphunzitsi, si onse. Ena amalemerako."

Aphunzitsi anatembenukira kwa ine.

"Iwe wa zigamba kumatako undiphunzitse ine? Unawayeza pa sikelo ya fodya ya bambo ako?"

Anzanga anafa nalo phwete. Ndinalandira zikoti zinayi, kenako aphunzitsi anandilozera chitsa cha muwanga kuseri kwa kalasi. Akuti ndisalowenso ndisanachizule, ndipo ndikatha ndidzanene pamaso pa onse kuti ndinanama.

Ndinakumba masiku awiri, manja onse matuza. Kunyumba bambo anangoti, "Mphunzitsi satsutsidwa. Kapepese." Ndipepese chiyani? Tsiku lachitatu ndinanyamula khasu langa nkulowera kumunda. Kusukulu sindinapondekonso.

Mwezi watha mwana wanga Tadala, wa Fomu 3, amawerenga mokweza pakhonde. Pakati pa Chingelezi chakecho ndinamva liwu lija la maisotopu. Ndinamulanda buku, koma ndinangoona zilembo, osatolapo kanthu. Ndinamubwezera.

"Tandiuza m'Chichewa."

"Akuti mapulotoni ofanana, manyutironi osiyana, adadi. Mwakwiyiranji?"

Ndiye kuti ndinkanena zoona! Zaka zonsezi! Aphunzitsi aja anamwalira kalekale, ndilibe wokamutsegulira bukuli pamaso.

Koma chimene chikundiwawa kwambiri si iwo ayi. Ndi ineyo. Munthu wosadziwa anatsala m'kalasi ndi choko chake, ine wodziwa ndinathawa chitsa, ndipo lero zimene ndinadziwa ndili mwana akundimasulira ndi mwana wanga. Kulondola kwangako kunandipindulira chiyani?

Tadala ndamuuza mosabisa. Mphunzitsi akalakwitsa, kweza dzanja. Akakupatsa chitsa, zula, ndidzabwera ndi nkhwangwa kudzakuthandiza. Koma mawa lake ukakhale pa desiki yako.